Chimanga cha Mbewu Sichipita Kuchigayo

Tikudziwa kuti ena mwagona m'basi masiku awiri, ena mwaima pamzere pa Beitbridge mpaka mapazi kutupa, ena mwadzera pa Mwami, ena pa Zobue, ena pa Dedza. Mwasiya mabenchi m'manja mwa ana ndi anansi kuti mudzapezeke pa chikondwerero chino. Zikomo kwambiri.

Za masheya, za chiwongoladzanja ndi za mmene thumba lakulira, asungichuma afotokoza kale ndipo tawomba m'manja. Ife tapempha kuti tiyankhule nkhani ina, ija timakamba monong'ona m'basi usiku anthu ena atagona. Ndi nkhani ya makolo athu amene akukalamba kumudzi, komanso ya ukalamba wathu umene ukutiyandikira. Ambiri mwa ife tadutsa zaka 40. Kumsana tabereka ana, ena tayamba kubereka zidzukulu, ndipo kutsogolo tagwira dzanja amayi athu kuti asapunthwe. Kandalama kamodzi komweko ka pa benchi kakudikiridwa ndi mibadwo itatu.

Kusonkha ndalama pamodzi timakutchula mayina osiyanasiyana. Ku Malawi timati banki m'khonde kapena chipereganyu, anzathu a ku Zambia amati chilimba, a ku Zimbabwe amati mukando, a ku Mozambique amati xitique, ku Joni amati stokvel. Njira ya bokosi la maloko atatu ija inayambira ku Niger mu 1991, amayi akumeneko akugwira ntchito ndi bungwe la CARE, kenako inafalikira mpaka kufika kuno. Koma kusunga kwenikweniko sitinakuphunzire m'bokosi. Tinakuphunzira kukhitchini kwa amayi athu.

Kumbukirani nyumba imene munakuliramo. Kwathu, masamba a nyemba, a khobwe ndi a maungu akachuluka nthawi ya dzinja, amayi ankafutsa, n'kuyanika pamphasa, n'kumanga m'chikwatu. Ife ana tinkadabwa kuti ndiwo zili mbwee kumunda, iwo akuvutikiranji ndi mfutso. Yankho tinkalipeza mu Okutobala, dzuwa litawotcha chilichonse, mfutso wotendera uli m'mbale. Ndalama ankamanga pansonga ya chitenje, mfundo yake yolimba yofunika mano pomasula. Zitumbuwa ndi mandasi ankaziphika tambala woyamba asanalire, ndipo pa mfundo imeneyo ndi pamene panachokera fizi, yunifolomu ndi sopo zimene zinatifikitsa ena mwa ife ku sekondale.

Koma chimene timachikumbukira kwambiri ndi chimanga cha mbewu. Pokolola ankasankha zisononkho zikuluzikulu zodzaza bwino, n'kuzipachika kudenga la khitchini pamwamba pa moto, kuti utsi uzizitchinjiriza kwa anankafumbwe. Zinkada bii ndi mwaye. Pa njala ya 2002 ambiri mwa ife tinali atsikana kapena ongokwatiwa kumene, ndipo tinaona anthu akudya madeya ndi mizu ya nthochi. M'nyumba zina ana ankagona ndi njala akuyang'ana chimanga chija kudenga, koma amayi sankalola kuti munthu achikhudze. Ankatiuza kuti wodya mbewu wadya chaka chamawa. Nthawi imeneyo tinkaona ngati ndi nkhanza. Lero tili ndi mpamba wathu, tikumvetsa kuti mtima wa amayiwo unkapweteka kuposa mimba zathu.

Amayi omwewo anasenzanso katundu amene sanamuyembekezere. M'zaka za m'ma 1990, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere m'zipatala za boma ku Malawi mu 2004, matenda a Edzi anatenga achemwali ndi alongo athu ambiri. Agogo amene ankati tsopano apume anayambiranso kulera makanda, kuphika phala, kuthamangira kusikelo. Alipo ena pakati pathu pano amene analeredwa choncho, ndipo munthu amene amamutchula kuti amayi ndi agogo awo. Ngongole imeneyi siinalembedwe m'buku lililonse, koma tonse tikuidziwa.

Kuyenda kunja kukasaka ndalama sikunayambe ndi ife. Agogo athu aamuna ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena kumafamu a ku Rhodesia kudzera ku Mthandizi. Mu 1974 ndege yonyamula anthu obwerera kumudzi kuchokera kumigodi inagwa ku Francistown, Amalawi oposa 70 anafa, ndipo boma la Kamuzu Banda linaimitsa kulemba anthu a Wenela. Amene ankabwerako ankafika ndi njinga, wayilesi, bulangete ndi sutikesi yachitsulo, mudzi wonse n'kusonkhana kudzaona. Ena sanabwerenso, ndipo tinkawatchula kuti machona. Ana ndi zidzukulu za machonawo muli nafe muno, mwachokera ku Mbare, ku Highfield, ku Bulawayo ndi ku Kitwe, Chichewa chanu chosakanikirana ndi Chishona kapena Chibemba, koma magazi ndi amodzi.

Inu mukudziwa kuposa ife mmene ukalamba wakuchilendo umawawira. Mafamu a ku Zimbabwe atayamba kulandidwa mu 2000, nkhalamba zambiri zimene zinagwira ntchito kumeneko moyo wonse zinapezeka zilibe nyumba, zilibe munda, ndipo kumudzi kumene zinachokera kunalibenso wozikumbukira. Munthu ankatchula dzina la mfumu yake ndi mtsinje wakwawo, koma njira yobwererayo inali itamera udzu. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Kale oyenda anali amuna, lero oyenda ndife.

Mwina wina anena kuti ife si machona, chifukwa timatumiza ndalama mwezi ndi mwezi. N'zoona. Agogo athu ankadikira kalata miyezi ingapo, pamene ife timalowa pa Mukuru, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndalama n'kufika kumudzi tisanapinde n'komwe chitenje. Zimenezi n'zabwino ndipo tisasiye. Koma tiyeni tifunsane moona. Ndalamazo zikafika, amakatapa ndani? Amayi ambiri satha kuwerenga uthenga wa pafoni, ndiye nambala yachinsinsi ili ndi kamdzukulu kapena mwana wa aneba. Zimene tatumiza ndi zimene zafika m'manja mwawo kawirikawiri zimasiyana, ndipo iwo sanena, poopa kudanitsa abale.

Tikaimba foni n'kufunsa kuti, “Amayi, muli bwanji?” yankho limakhala lomwelo chaka chonse: “Tili bwino, mwanangu, kaya inu kumeneko.” Foni siiona kuti ndowa ya madzi akuitunga theka chifukwa khosi likukana. Siiona kuti denga likudontha pamene amagona, kapena kuti mankhwala a BP anatha mwezi watha ndipo chipatala chili kutali. Siiona kuti maso achita ng'ala, akuthira mchere kawiri m'ndiwo, akupunthwa pakhomo pawo pomwe. Chikhalirecho ng'ala imachotsedwa. Ku Nkhoma ndi ku chipatala cha maso cha ku Queens ku Blantyre madokotala amachita opaleshoni imeneyi, munthu n'kuyambanso kuona. Agogo ambiri akukhala mumdima chifukwa chosowa wowaperekeza basi.

Palinso china chowawa chimene sitingachilumphe. Munthu akakalamba kwambiri, mutu umatha kuyamba kuiwalaiwala. Amatuluka usiku osadziwa kumene akupita, amayankhula ndi anthu amene anamwalira kalekale, nthawi zina amapezeka pakhomo pa eni m'bandakucha asanavale bwino. Amenewa ndi matenda a ukalamba, koma m'midzi mwathu anthu amathamangira kunena kuti mfiti yagwa. Mu Januwale 2016 ku Neno anapha nkhalamba zinayi za banja limodzi poziganizira ufiti, mtsikana wina ataphedwa ndi mphenzi. Lamulo la dziko la Malawi limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo limafika mochedwa pamene gulu lanyamula kale miyala. Nkhalamba imene ana ake amaoneka pakhomo pafupipafupi, anthu amaiopa kuitola. Imene ili yokhayokha ndi imene amailoza chala. Kupita kwathu kumudzi ndi mpanda wa makolo athu.

Ndipo udindo umenewu tisausenze tokha ngati kuti tinabadwa tokha. Kwathu kuno mwana wamkazi ndiye amasambitsa, amachapa, amagonera kuchipatala, ndipo ife sitikukana, pakuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Koma alongo athu nawonso anayamwa bere lomwelo. Amene amanyadira kuti ndi eni mbumba pa ukwati ndi pa mlandu wa munda, akhalenso eni mbumba pogula mankhwala ndi pofolera nyumba. Tiwaitane, tikhale pansi, tigawane: uyu feteleza, uyu chipatala, uyu wolipira mtsikana wotunga madzi. Tiyankhule mwaulemu koma momveka, chifukwa mbewa ya manyazi inafera kuuna. Apongozi athu tisawaiwalenso. Ena mwa iwo ndi amene amatsala ndi ana athu ife tili paulendo.

Tsopano titembenukire kwa ife eni. Amayi anzathu, ndani mwa ife amene akunyamulabe belo la kaunjika monga ankachitira zaka khumi zapitazo? Kale tinkatsika basi ya ku Joni m'mawa, masana tili kale pa benchi. Lero tikatsika, msana umafuna masiku awiri. Maondo amalira tikamakwera masitepe a basi. Uthenga wa pafoni timauwerengera patali, dzanja litatambasuka. Ena tayamba kuyenda ndi mapilitsi a shuga ndi a BP m'chikwama momwe muli pasipoti. Timaseka tikamauzana zimenezi, koma thupi likutiuza zoona: geni yodutsa malire ili ndi polekezera.

Mphunzitsi ndi namwino akakalamba amalandira penshoni. Wogulitsa tomato ku Lizulu, mbatatesi ku Tsangano, usipa ku Limbe kapena zitenje ku Chipata, tsiku limene wasiya kupita kumsika ndi tsiku limene ndalama zasiya kulowa. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amafikira mabanja ovutikitsitsa okha, ndipo ndalama yake ndi yongothandizira. Ku South Africa boma limapereka ndalama kwa okalamba kuyambira zaka 60, koma ndi za nzika, okhazikika mwalamulo ndi othawa kwawo ovomerezeka. Ife olowa ndi chidindo cha masiku 30 sizitikhudza, ngakhale titayenda njira imeneyo zaka makumi awiri.

Timadzitonthoza kuti ana adzatisunga. Mulungu alole kuti zidzatero. Koma tiyang'ane m'nyumba zathu: ana angati ali ndi satifiketi ya Fomu 4, ena ya kukoleji, koma akudyabe m'mbale mwathu chifukwa ntchito kulibe? Iwonso adzakhala ndi ana awo, lendi yawo ndi mavuto awo. Mwana amene tikumukonda tisamukonzere katundu amene ife tikulira naye lero. Kudzisungira kanthu ka ukalamba ndi mphatso kwa ana athu.

Vuto lake ndi lakuti ndalama zathu zonse timazigawana pakutha pa chaka. Disembala ikafika timatsegula bokosi, timavina, timagula feteleza, fizi, malata, zovala za Khirisimasi, ndipo pofika Febuluwale tayambanso pa ziro. Tili ndi thumba la zadzidzidzi, ndipo latithandiza pa maliro, makamaka ponyamula thupi la mnzathu kuchokera kunja, zimene tonse tikudziwa mmene zimadulira. Tinakonzekera bwino tsiku la imfa. Zaka zimene munthu ali moyo koma sangathenso kugwira ntchito, zimene zimatha kukhala khumi kapena makumi awiri, sitinazikonzekere. M'gulu lathu muli ufa wa lero ndi mfutso wa chilimwe, koma chimanga cha kudenga mulibe.

Choncho tabwera ndi mapempho asanu, kuti komiti ndi magulu onse akawakambirane.

Loyamba, tikhazikitse thumba la ukalamba, losiyana ndi masheya ndi la zadzidzidzi. Aliyense aziponyamo kangachepe pa msonkhano uliwonse, ngakhale mtengo wa botolo limodzi la zakumwa, ndipo lisamagawidwe mu Disembala. Likhale ndi buku lakelake, dzina lililonse ndi tsamba lake, ndipo litsegulidwe munthu akafika msinkhu umene tidzagwirizane kapena akadwala mosathanso kugwira ntchito. Padzabwera chaka chovuta pamene tonse tidzaliyang'ana ndi njala. Tsiku limenelo tidzakumbutsane kuti chimanga cha mbewu sichipita kuchigayo.

Lachiwiri, thumba limenelo lisagone m'bokosi ngati mapepala. Anzathu a ku Zimbabwe anaona mu 2008 ndalama zimene anthu anasunga moyo wonse zikusanduka zosagula ngakhale buledi, mpaka boma linasindikiza pepala la madola 100 thililiyoni. Ku Malawi kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, ndipo tonse tikukumbukira mmene mpamba unafupikira tikupita kukaoda. Mbewu imafuna utsi woitchinjiriza. Tikambirane ndi anthu odziwa za chuma njira zovomerezeka zosungira: mbuzi, puloti yokhala ndi mapepala, kanyumba ka lendi, kapena akaunti ya gulu yobereka chiwongoladzanja. Tisaike zonse pamalo amodzi. Mu 2020 malire anatsekedwa chifukwa cha Covid-19, mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Zimenezi zinatiphunzitsa kuti chinthu chimodzi chimatha kutha usiku umodzi.

Lachitatu, tiyenderane makolo. Gulu lathu lili ndi mwayi umene ena alibe: sabata iliyonse wina mwa ife akudutsa pa Ntcheu, pa Mchinji, pa Katete, pa Ulongwe, pa Tete kapena pa Nyamapanda. Tilembe mudzi wa makolo a membala aliyense. Amene akudutsa pafupi apatuke ola limodzi, akhale pakhonde, aone ndi maso ake mmene mayiyo akuyendera, mmene denga lilili, ngati mankhwala alipo, kenako amuimbire mnzake zoona zake. Paketi ya shuga yoperekedwa ndi dzanja imalemera kuposa uthenga wa pafoni. Izi sizikuchotsa udindo wa mwini kholo wopita yekha, koma zikufupikitsa miyezi ya pakati.

Lachinayi, tikonze mapepala tikadali ndi mphamvu. Chitupa cha unzika cha amayi chili kuti, ndipo sichinathe ntchito? Malo amene tinagula analembedwa dzina la ndani? M'buku la gulu tinalembetsa ndani woti adzalandire masheya athu? Ku Malawi lamulo la 2011 la chuma cha masiye limati kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ndi mlandu, komabe kulemba wilo kumatseka pakamwa anthu ambiri mkangano usanayambe. Kulemba wilo sikuitana imfa. Pamodzi ndi mapepalawo, tikhale pansi ndi makolo atiuze mayina: agogo awo anali ndani, mfunda wawo ndi uti, anachokera mudzi uti, manda ali kuti. Tilembe m'kope kapena tijambule mawu awo pafoni, kuti mwana wobadwira ku Johannesburg kapena ku Lusaka adzadziwe kolowera.

Lachisanu likukhudza amayi amene akhala kutsogolo kuno. Malamulo athu amati wolephera kuponya masheya kangapo motsatizana achotsedwe. Lamuloli linatiteteza kwa anthu achinyengo, ndipo likhalebe. Koma posachedwapa liyamba kugwira anthu amene sitinawaganizire polilemba: amayi amene anayambitsa gululi, amene anatiphunzitsa kuwerengera dyute, kusintha ndalama osaberedwa, ndi kuyankhula ndi ofisala wa pachipata mopanda mantha. Miyendo yawo ikayamba kukana ulendo, sheya yawo idzachepa. Kodi tidzawafufuta m'buku? Tikupempha kuti membala amene wakalamba ali m'gulu akhale membala mpaka kumapeto, aziponya zimene angathe, asamalipitsidwe chindapusa, azisunga kiyi, aziweruza tikasemphana. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Atsikana amene alowa gulu chaka chino akutiyang'ana, ndipo mmene tidzawasungire amayi awa ndi mmene iwo adzatisungire ife.

Tikudziwa kuti zimene tapemphazi zikufuna ndalama, pamene ndalamayo ndi imene ikusowa. Mitengo yakwera, makasitomala akudandaula, ndalama zakunja zikuvuta kupeza. Wina anena kuti tidikire zinthu zikhale bwino. Amayi anzathu, chiyambireni geni, ndi chaka chiti chimene tinanenapo kuti zinthu zili bwino? Gulu lino linayamba ndi timakobiri ta amayi ochepa amene analibenso zokwanira, ndipo lero tadzaza chipinda chino kuchokera m'maiko angapo. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tikamabwerera, aliyense akafikitse mapempho asanuwa ku gulu lake, mukakambirane, mukachotse zosayenera ndi kuwonjeza zimene ife sitinaziganize, kuti pa msonkhano waukulu wotsatira tidzamange chimodzi. Amene makolo anu ali moyo, musadikire uthenga wa matenda kuti mukwere basi. Amene makolo anatisiya, pali azakhali, pali apongozi, pali agogo a pafupi ndi nyumba amene alibe wowatungira madzi.

Amayi akuluakulu, tathokoza chifukwa cha njira imene munatilambulira. Nonse muyende bwino, katundu akafike wathunthu, ndipo mukapereke moni kunyumba.